Nkhope ya Mkonzi pa Zitenje

Sutikesi inali itatsegulidwa kale pamene a Wallace Struthers ankapukuta nsapato pakhomo pa banja la a Kapalamula. Pabalaza panali patadzaza amayi, ambiri mwa iwo anamwino a pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ena tulo ta shifiti ya usiku tikadali m'maso. Ataona mlendo wawo onse anangoti zii nthawi imodzi, monga amachitira anthu amene akonza chinthu chachikulu ndipo akudikira kuthokozedwa.

"Lowani, a Mkonzi, khalani pa mpando wabwinowo," anatero mayi Chrissy Kapalamula, eni nyumba. "Bambo a Tiffany, apatseni kaye tiyi. Zinthu zina munthu saona asanamwe kanthu."

A Wallace anali munthu wa ku Scotland, wamtali, wadazi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Anali mkonzi wa Hazelbrook Beacon, nyuzipepala imene inkaponyedwa mwaulere m'makomo a dera la Hazelbrook, kum'mwera kwa Birmingham. Mlungu uliwonse ankalembamo ndemanga yaitali yolangiza boma ndi mayiko akuluakulu a dziko lapansi, ndipo mayikowo ankangopitiriza kulakwitsa osadziwa n'komwe kuti achenjezedwa. Analinso membala wokhulupirika wa chipani cha ma liberal. Anaimapo kasanu pa chisankho cha makhansala, ndipo kasanu konseko anagonja mwaulemu.

Chaka cha 2006 zinthu zinali zina. Mtima wawo unali utachitidwa opareshoni, ndipo akazi awo, mayi Helen, anali atanena mawu amodzi osabwereza: akagonjanso mwezi wa Meyi, nyumba igulitsidwa, nyuzipepala aisiya, abwerera ku Scotland kukakhala ku Perth pafupi ndi mchemwali wa mayiwo, ndipo a Wallace azikalima tomato. A Wallace opareshoni sanaiope, koma Perth ankamuopa. Kumeneko kunalibe amene ankadziwa kuti iwo ndi munthu wofunika.

Amalawi a ku Hazelbrook ankawakonda pa chifukwa chomveka. Anamwino oyamba atafika, kampani ina yowapezera ntchito inawaunjika m'nyumba yodontha, ya nkhungu m'makoma. A Wallace anaika nkhaniyo pa tsamba loyamba mlungu ndi mlungu mpaka anthu anasamutsidwa. Zoterozo Mmalawi saiwala.

Amuna awo a mayi Chrissy, a Overtone Kapalamula, anaimirira n'kukonza kukhosi. Kumudzi anali mphunzitsi wamkulu, kuno ankalondera sitolo ina yaikulu, koma masiku amenewa ankadzitchula mkulu wa kampeni, udindo umene palibe anakumbukira kuti anawapatsa ndani.

"Bwana," anayamba motero, "ife Amalawi a m'dera lino takhala pansi. Taona mmene mumachitira kampeni, ndipo chisoni chatigwira. Munthu wamkulu ngati inu kumayenda nokhanokha mumvula, kumalowetsa timapepala m'zitseko za anthu ngati wotsatsa pitsa! Ndiye tati ayi. Ife a Komoniwelefu voti tili nayo m'dziko muno, koma voti yokha siikwana. Tikuthandizani mwakwathu. Mayi a Tiffany, tambasulani."

Mayi Kapalamula anagwira uku, mnzawo anagwira uko, nsalu n'kutambasuka kuchokera pa wailesi yakanema mpaka pakhomo la kukhitchini. Inali yachikasu chowala, mtundu wa chipani cha a Wallace. Pakati panali nkhope ya a Wallace yaikulu ngati beseni, itazunguliridwa ndi maluwa, ndipo m'munsi munalembedwa ndi zilembo zonenepa kuti A WALLACE BOMA!

Chithunzicho chinajambulidwa chaka chapitacho ku phwando la Amalawi lokumbukira ufulu ku Coventry, pa mphindi imene a Wallace anali atangoluma tsabola wa kambuzi poyesa ndi tomato wamng'ono. Maso anali atatong'oka, kukamwa kuli yasa. Wosadziwa akanati munthuyu waona masomphenya a tsogolo labwino.

A Wallace anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Izi n'chiyani?"

"Zitenje, bwana," anayankha a Overtone. "Zafika dzulo kuchokera ku Limbe ndi mtsikana wathu wina amene anali ku holide. Anachita kusiya usipa ndi mtedza pa eyapoti kuti nkhope yanu ikwane m'sutikesi."

"Nanga mawuwo? Boma... ngati ndikukumbukira bwino..."

"Ndiye kuti mwapambana kale."

"A Kapalamula, chipani changa sichinatsogolerepo dziko lino chichokere masiku a agogo anga."

"Chifukwa chake n'chimenecho, bwana, simunena! Ine amene mukundiona pano ndinalumbira kumudzi kuti chikasu sichidzandikhudza pathupi. Koma chifukwa cha inu ndasoketsa malaya, a manja aatali."

Amayi anaseka, koma a Wallace sanaseke nawo. Ali mnyamata anaphunzitsapo pa sekondale ina ku Malawi, m'masiku a chipani chimodzi. Analemba nkhani m'nyuzipepala yakunja yonena za amayi amene ankachotsedwa m'makomo kuti akavine pa misonkhano, ndipo anakwezedwa ndege asanamalize teremu. Nkhaniyi ankaikonda kwambiri, moti apolisi amene anabwera kudzawatenga ankachuluka chaka ndi chaka: poyamba anali awiri, pofika nthawi imeneyi anali atadzaza malole. Koma tsiku limeneli anaikamba osawonjezera wapolisi ndi mmodzi yemwe.

"Ndinaona amayi ataima padzuwa tsiku lonse, ana ali kumbuyo, nkhope ya munthu mmodzi ili pathupi pa aliyense," anatero. "Ndinadziuza kuti zimenezo ndidzalimbana nazo moyo wanga wonse. Lero mukufuna nkhopeyo ikhale yanga? Ndikuthokoza kwambiri, koma ayi. Ndipambane ndi mfundo, apo ayi ndigonje ndi mfundo."

"Kugonja ndi mfundo ndiye akutha," anatero mayi wina kumbuyo, m'Chichewa chothamanga chimene a Wallace sanachitole. Chichewa chawo chinali chitatsala cha moni ndi zikomo.

Mayi Kapalamula anapinda nsalu ija bwinobwino n'kuibwezera m'sutikesi.

"Tamva, a Mkonzi," anatero. "Tengani mandasi ena."

Motero a Wallace anabwerera ku kampeni yawo ya masiku onse. Ankayenda khomo ndi khomo atavala jekete lakuda, chikwama cha timapepala chili paphewa. Kapepala kalikonse kanali ndi mawu ochuluka ngati chaputala cha Levitiko, ndipo kanalibe chithunzi, pakuti a Wallace ankakhulupirira kuti munthu amavotera maganizo, osati mphuno. Ngakhale mu Beacon nkhope yawo inali isanatulukemo. Zotsatira zake n'zakuti patapita zaka zonsezi, m'dera lonse munalibe wowadziwa. Ena ankawayesa owerenga mita ya gasi. Mayi wina anawauza pazenera kuti za maliro ake anakonza kale, safuna zina.

"Ndine Wallace Struthers, mkonzi wa Beacon," anadzifotokoza pakhomo lina.

"Oo, Beacon! Pepala labwino," anayankha bambo wa m'nyumbamo. "Mphaka wathu safuna kudzithandizira pa lina."

Mnzawo wopikisana nawo, a Gresham Tolley, amene anali khansala kale komanso mwini malo ogulitsira galimoto, nkhope yawo inali pa zenera lililonse, ikumwetulira ndi mano onse. Kunyumba, mayi Helen anali atayamba kutolera makatoni ku sitolo ya zipatso. A Wallace akabwera madzulo ankangopeza kuti shelefu ina ya mabuku yasanduka makatoni awiri olembedwa kuti PERTH.

Loweruka lina, chisankho chitayandikira, anatenga kireti ndi chimkuzamawu n'kukaima pa msewu waukulu wa masitolo, pakati pa positi ofesi ndi malo ogulitsira tchipisi. Anayamba kufotokoza kuipa kwa njira yowerengera mavoti m'dziko la Britain, kuyambira mbiri yake. Anthu ankawalambalala ngati chithaphwi. Amene anaima kuwamvetsera zinali nkhunda zitatu, ndipo nazonso zinkayang'ana tchipisi.

Kenako kuchokera kokwerera basi kunamveka nthungululu.

Ankabwera mu mzere, amayi okhaokha, onse achikasu kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, mipango kumutu, majekete a mphepo pamwamba. Kutsogolo kunali mayi Kapalamula. Pambali pawo a Overtone ankayenda ngati mkulu wa asilikali, atavala malaya aja a manja aatali, nkhope imodzi ya a Wallace pamimba, ina pamsana.

A Wallace anatsika pa kireti.

"Mayi Kapalamula, si tinagwirizana?"

"Tinagwirizana kuti kampeni ya zitenje kulibe. Ife tikukagula tomato."

"Nonsenu? Mutavala mofanana?"

"Watchipa lero."

"Chonde, ndikukupemphani, bwererani mukavule."

Mayi Kapalamula anaika chikwama pansi. Anali namwino wamkulu wa odwala mtima, ndipo anawayang'ana a Wallace monga ankawayang'anira masiku aja a opareshoni, a Wallace akubisa mapiritsi pansi pa pilo.

"A Mkonzi, amayi anga anali m'gulu la amayi aja munawaona padzuwa. Iwo nsalu ankachita kuvekedwa, ndipo akanakana akanakagona kwina. Iyi ndasankha ndekha, ndaitanitsa ndekha, ndadzimangira ndekha m'chiuno mwangamu. Chibadwire amuna amene andiuzapo chovala ndi awiri: wapampando wa chipani kumudzi, ndi inu lero. Nanga chipani chanuchi si chija mumalemba kuti munthu azichita zofuna zake bola asapweteke mnzake? Ndapweteka ndani?"

A Wallace anatsegula pakamwa. Anafufuza yankho m'mutu, koma chimene anapezamo ndi ndemanga zambirimbiri zimene analemba okha, zonse zikuvomereza mayi Kapalamula.

"Musatseke njira ya anthu oyenda pansi," anatero pamapeto pake.

"Sititseka. Kwerani pa kireti panu."

Mayi wina anayambitsa nyimbo, enawo n'kuilandira, manja akuomba:

*A Wallace akubwera, tsekulani zitseko,*
*Dazi lawo likuwala, Hazelbrook aone njira!*

Apa m'pamene a Wallace anaphunzira chinthu chimene sanachiganizire pabalaza paja. Chitenje chikamangidwa m'chiuno, chithunzi cha pakati chimakakhala kumbuyo. Amayi atatembenuka n'kuyamba kutyola chiuno, a Wallace a pansalu anayamba kuvomera, kukana, n'kuvomeranso, zonse mu mphindi imodzi, ngati wandale weniweni.

Msewu unaima. Ogula anatuluka m'masitolo, ometa tsitsi anatuluka ndi makasitomala awo nsalu zili m'khosi. Basi ina inachedwa dala kunyamuka. Tiffany, mwana wa a Kapalamula, amene ankadutsa ndi anzake a kusukulu, anabisa nkhope m'manja.

"Mum, please! My friends can see you!"

"Andione kumene," anayankha mayi ake osasiya kuvina. "Fizi yako imachokera m'chiuno momwemu, poimirira usiku wonse m'chipatala."

Nyimbo itatha, khamu lonse linatembenukira kwa munthu wa pa kireti, kenako kwa nsalu, kenako kwa munthu uja. Wina anakuwa kuti, "Ndi yemweyo!" ndipo anthu anaomba m'manja ngati a Wallace achita matsenga.

A Wallace anakweza chimkuzamawu n'kupitiriza pamene analekeza, pa mbiri ya kawerengedwe ka mavoti. Asanafike patali, mayi Kapalamula anayambitsa nyimbo. Anadikira kuti ithe, n'kuyambanso. Atangoti "monga ndinalembera m'chaka cha," nyimbo inabweranso. Ulendo wachitatu anazindikira lamulo la masewerawo: akangotalikitsa, amizidwa. Mkonzi anali atapeza womukonza. Anayang'ana anthu aja, anapumira m'mwamba, n'kunena kuti laibulale ya pa ngodya isatsekedwe, ngalande za mumsewu wa kuseri zikonzedwe madzi asanalowenso m'nyumba za anthu, ndipo magetsi a ku paki ayake kuti amayi asamaope pobwera ku ntchito. Anamaliza nyimbo isanawapeze. Amayi anaimba nthungululu, ndipo timapepala tija tinatha m'chikwama kwa nthawi yoyamba chiyambire ndale zawo.

Chimene sanachione n'chakuti kutsidya kwa msewu kunali munthu wa a Gresham Tolley, kamera ili m'manja.

Lachiwiri kapepala konyezimira kanagwa m'khomo lililonse la m'dera. Panali chithunzi chojambulidwa kuchokera kumbuyo: mzere wa amayi atawerama pakati pa gule, nkhope zotong'ola maso za a Wallace zili ndandanda, ndipo kutsogolo, pa kireti, mwiniwake ali kukamwa yasa chimodzimodzi. M'munsi a Tolley anafunsa kuti kodi anthu a Hazelbrook akufuna khansala kapena zisudzo.

A Wallace anakaona kapepalako pa tebulo la kukhitchini, pamene mayi Helen anakaika pafupi ndi mbale yawo ya phala.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumanga dzina," anatero. "Lero dzina langa lili pa... lili pamenepo."

"Likuoneka bwino," anatero mayi Helen, akudula tepi yomatira katoni. "Mchemwali wanga akuti chipinda cha kumunda chili ndi dzuwa. Tomato adzakondwa."

Belu la pakhomo linalira. Anali a Overtone, atangochoka kolondera, kapepala komweko kali m'manja, nkhope ikuwala.

"Bwana, mwaona? Mwaona zimene Mulungu wachita?"

"Ndaona, a Kapalamula. Ndatha."

"Mwatha bwanji? Mdani wanu watenga nkhope yanu, waisindikiza pa pepala lonyezimira, ya mitundumitundu, n'kuigawa khomo lililonse ndi anyamata ake. Inu simunanyowe ndi dontho limodzi lomwe. Kwathu munthu wotere timakamuthokoza ndi nkhuku!"

A Wallace sanakhulupirire, koma kukhala m'nyumba kunali kumvetsera kulira kwa tepi, choncho anavala jekete n'kutuluka. Pakhomo loyamba anagogoda mofooka ngati wodzapepesa maliro. Anatsegula bambo wina wonenepa, wovala vesiti. Anawayang'ana kumaso, n'kuyang'ana kapepala kamene kanali pa shelefu, n'kukuwa kulowetsa mawu m'nyumba:

"Ann! Tabwera! Kwabwera bambo uja wa pa siketi!"

Tsiku limenelo a Wallace anamwa tiyi m'nyumba zambiri kuposa mmene dokotala akanalolera. Anthu ankayamba ndi kuseka, kenako ankafunsa ngati za laibulale zinali zoona. Mwini golosale wina wochokera ku Pakistan anapempha nsalu imodzi kuti apachike pa zenera. Gogo wina wa ku Jamaica anati chichokere kwawo sanaone kampeni ya anthu amoyo. Koma amene anawakhudza kwambiri a Wallace anali mayi wina wamasiye wa mumsewu wa kuseri, amene sanaseke n'komwe. Analoza chala pa mmodzi mwa amayi a pachithunzi.

"Uyu ndikumudziwa, ngakhale chakumbuyo. Ndi amene ankasambitsa amuna anga masiku awo omaliza, ana athu enieni akuti atanganidwa. Ndiye wina aziwatcha zisudzo? Ine a Tolley ndawavotera nthawi zonse. Mukawaona muwauze kuti zatha."

A Wallace anapita ku Beacon madzulo amenewo ali ndi nkhani yabwino kuposa zonse zimene anazipeza m'chaka chimenecho, ndipo sanailembe, pakuti inali yokhudza iwo. Khalidwe limenelo sanalisiye. Chimene anasiya ndi kufunsa amayi kumene akupita akavala zachikasu. Tomato anatchipa tsiku lililonse mpaka chisankho: pakhomo pa laibulale, ku paki, pafupi ndi sukulu nthawi yoweruka.

Lachinayi lovota, amayi anauzidwa kuti pamalo oponyera voti salola zokopa anthu. Anamvera lamulo mwaulemu: anatembenuza zitenje kunja kukhala mkati. Utoto wa ku Limbe unali wamphamvu, moti a Wallace ankaonekabe, otumbululuka pang'ono, ngati mzimu umene wabwera kudzaona ngati abale akuvota bwino.

Mavoti anawerengedwa Lachisanu m'mawa mu holo ya masewera. A Tolley anafika ndi suti yatsopano ndi gulu la anthu onunkhira. A Wallace anafika ndi mayi Helen, amene anali atavala jasi lotuwa, atapangana kale ndi a galimoto yosamutsa katundu. Amayi achikasu anakhala m'mwamba mowonerera, manja ali pamiyendo, odekha ngati ali ku tchalitchi.

Milu ya mapepala inkakula mofanana. Anawerenga, anabwerezanso. A Overtone ankayendayenda kumbuyo kwa owerenga, manja kumbuyo, mpaka wapolisi anawapempha kuti akakhale pansi. Kenako woyang'anira chisankho anakwera pa nsanja n'kuwerenga zotsatira ndi mawu a munthu amene akulengeza nthawi ya sitima. A Wallace Struthers anali atapambana, ndi mavoti osakwana kudzaza basi imodzi.

Kudekha kwa kutchalitchi kuja kunathera pomwepo. Nthungululu inang'amba holo, owerenga mavoti ena n'kugwira pamtima. Amayi anatsika masitepe akuvina, anayala zitenje pansi kuchokera pamene a Wallace anaima mpaka pa nsanja, ndipo khansala watsopano wa Hazelbrook anapita kukalandira udindo akuponda nkhope yake yomwe, akupepesa pa phazi lililonse.

Pa maikolofoni anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala. Anali mawu awo ovomereza kugonja, amene anawasula ndi kuwasalaza pa zisankho zisanu, mawu okoma kwambiri amene analembapo. Ena analibe. Anayang'ana pepalalo, anayang'ana anthu. Munthu amene ankadzaza tsamba lathunthu mlungu uliwonse anaima kukamwa kuli yasa, maso atatong'oka, ndipo holo yonse inaona kuti wojambula uja sananame.

"Zikomo," anatero m'Chichewa. Anaganiza pang'ono. "Zikomo kwambiri."

"Basi, zakwana!" anakuwa mayi Kapalamula, nyimbo n'kuyamba.

A Tolley anadzagwirana nawo chanza monga mwa mwambo, nati kampeni inali yachilendo. A Wallace anawathokoza chifukwa cha thandizo lawo pa kusindikiza. Kenako anapita kwa akazi awo, amene anali chiimire pakona, chikwama chili m'manja.

"Wallace," anatero mayi Helen, "wandichititsa manyazi kwa mchemwali wanga. Makatoni onse aja ukamasula wekha."

"Ndikamasula."

"Ndipo mabuku abwerere m'malo mwake, osati mulu pansi." Anapukuta m'maso mwachangu ngati mwalowa kachitsotso, n'kutembenukira kwa mayi Kapalamula. "Chrissy, kodi chinthuchi chimamangidwa bwanji? Ngati amayi onse a mu Birmingham akuyenda ndi mwamuna wanga kumbuyo, ine ndekha ndisatsale."

Anawamangira chitenje pamwamba pa jasi lotuwa lomwelo, ndipo mayi Helen anavina mmene amavinira anthu a ku Perth, mapewa okhaokha, chiuno chili phee. Amayi anawapatsa nthungululu yawoyawo chifukwa cha khama.

Lolemba m'mawa a Wallace anafika ku ofesi ya Beacon, kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya makapeti, n'kupeza a Overtone akukhomera chikwangwani pachitseko: OLEMEKEZEKA KHANSALA W. STRUTHERS, ndipo m'munsi, ndi zilembo zocheperako pang'ono chabe, O. KAPALAMULA, MLANGIZI WAMKULU. Foni inkangolira. Akuluakulu a chipani amene kale sankabweza mafoni awo tsopano ankati anadziwa kuyambira pachiyambi. A Wallace anakhala pa mpando, anaika mapazi pa tebulo, n'kuyamba kufotokozera mmodzi wa iwo mmene anakonzera njira yatsopano yofikira anthu wamba.

Chitseko chinatseguka osagogoda. Anali mayi Kapalamula, atavala yunifolomu, jekete litanyowa, opanda chitenje.

"Mwadzuka bwanji, a Khansala?"

"Mayi Kapalamula! Lowani, khalani. Ndimati ndikonze kaphwando kothokoza..."

"Phwando lidikire. Kwathu munthu tikamuvinira n'kupambana, amasowa mpaka chisankho china. Amayi andituma ndidzaone ngati a ku Scotland nawonso amasowa."

A Wallace anatsitsa mapazi.

"Chavuta n'chiyani?"

"Basi yopita kuchipatala. Pa chikwangwani analemba kuti imabwera pafupipafupi. Atsikana anga akuchedwa mashifiti, ena alandira kale chenjezo, wina akuti amuchotsa ntchito mwezi uno."

"Ndilembera akuluakulu a mabasi lero lomwe. Ndipo mu Beacon ya mlungu uno ndiika ndemanga yamphamvu..."

"Mudzalemba mukaiona."

"Chabwino. Ili kuti basiyo?"

"Nkhani yake ndi imeneyo, a Khansala. Ili kuti? Anzanga ali pa siteji pansipa chiimire. Tiyeni mukaidikire nafe."

A Wallace anayang'ana pazenera. Mvula inkagwa yopingasa. Mu foni mkulu wa chipani uja anali akufunsabe kuti, "Halo? Wallace? Halo?" A Wallace anabwezera foniyo pamalo pake, anatenga chipewa ndi jekete lakuda, n'kutsika masitepe pambuyo pa mayi Kapalamula. A Overtone anaponya hamala pa mpando n'kuwathamangira ndi ambulera. Mu ofesi foni inayambanso kulira, ndipo inalira yokha mpaka inatopa.